Bowo la pa Chithunzi cha mu Holo

Tauni imeneyi inabadwa ndi fakitale ya zingwe. Fakitaleyo inafa kalekale, denga lake linagwa, m'kati mwake mumagona mbuzi za eni, koma akuluakulu a m'malayini amadzukabe m'mamawa ngati belu lilira. M'malayini ndi m'nyumba zakale zija zimene kampani inamangira antchito ake, zonse m'kati mwa mpanda umodzi wa geti limodzi. Kunja kwa mpandawo kunamera mapoloti a anthu obwera, amene amangogona kuno n'kulawirira ku mzinda pa minibasi. A m'malayini amawatcha alendo, ngakhale munthu atakhala mpaka kuona zidzukulu. Mlendo amaloledwa kukumba nawo ngalande ndi kunyamula mabenchi pa msonkhano. Kukwatira mwana wa m'malayini, imeneyo ndi nkhani ina.

Nkhani inayo ndi imene inkamuwondetsa Mzime. Iye anali mwana womaliza wa Akapitawo, mkulu amene anatsogolera sitalaka yotchuka ija ya pafakitale, amene mpaka lero akalowa mu holo ya tauni anthu amaimirira. Mwatsoka mtima wa Mzime unakagwera kunja kwa mpanda, kwa mnyamata wojambula zithunzi amene anatsegula situdiyo pafupi ndi siteji ya minibasi chaka chathachi. Mzime anapitako kukajambulitsa kachithunzi ka pa chiphaso, n'kukakana ponena kuti kamukulitsa mphuno. Anabwerera mawa lake, n'kukananso. Atabwerera kangapo, onse awiri anadziwa kuti vuto silinali mphuno.

Masana ena anamupeza Wojambula atawerama patebulo, nkhope ili ngwee.

"Taona chimene Kalaliki wa komiti ya holo wandipatsa," anatero. "Akuti ndichikulitse, chikhale chatsopano pofika Loweruka, potsegulira holo yakonzedwa ija. Ine mlendo, Mzime. Andikhulupirira ndi chithunzi chawo."

Mzime anachidziwa asanachiyandikire. Chinali chithunzi chija chimene chakhala pakhoma la holo chibadwire iye: antchito a fakitale atandanda kutsogolo kwa geti, bambo ake pakati, tsitsi likadalipo. Kumapeto kwa mzere kunaima munthu wa jekete la ulonda, koma pamene panayenera kukhala mutu wake panali bowo, m'mbali mwake muli timano timano.

"Nanga apa panatani?" Wojambula anafunsa, chala chili pa bowolo.

Mwana aliyense wa m'malayini amayamwira yankho la funso limeneli. Pakati pawo amadziwa kuti mwini mutuwo anali Mlonda, amene pa tsiku la sitalaka, antchito ndi mabanja awo atadzitsekera m'kati mwa mpanda, anatsegula geti apolisi n'kulowa. Anthu anamenyedwa, ena anamangidwa, mwendo wa Akapitawo sunawongokenso, ndipo Mlondayo anapirikitsidwa m'tauni ndi mkazi wake, zovala zawo zikadali pa chingwe. Koma zimenezi mlendo sauzidwa. Mlendo akafunsa amayankhidwa liwu limodzi, ndipo Mzime analitulutsa osaganiza n'komwe, monga mmene munthu amayankhira moni.

"Njenjete," anatero. "Chinakhalitsa m'kabati."

"Njenjete zaulemu bwanji, zodya mutu wokha n'kusiya jekete." Wojambula anaseka, n'kumugwira dzanja. "Usadandaule. Loweruka bambo ako adzandiona ndi maso ena. Tikatuluka mu holo ndidzabwera kwanu kudzaonekera, ndipo sadzanditchanso mlendo."

"Ukubisa chiyani iwe?"

"Ukadziwa lero, Loweruka udzasangalala ndi chiyani?"

Mzime anatuluka mtima uli m'malere. Anapatsa moni ngakhale makondakitala a pa siteji amene masiku onse ankawadutsa ngati mitengo.

*

Kunyumba anapeza Kalaliki atakhala pakhonde ndi bambo ake, nsapato zikuwala ngati akupita kukafunsira ntchito. Kalaliki anabadwira m'layini yachiwiri kuchokera kwa Akapitawo, ndipo anayamba kumufunsira Mzime asanamere ndi ndevu zomwe. Atakanidwa, sanalimbane nayenso mtsikanayo. Anayamba kufunsira bambo ake: nyuzipepala m'mawa uliwonse, mankhwala opaka mwendo, ndi kuseka nthabwala zawo zisanathe.

M'chipinda cha kumbali munkamveka makina osokera a mayi ake, amene tauni yonse imawatcha Atelala. Makina akaima, kunkamveka kulira kwa sizasi yawo yakale ya mano, yodula nsalu mokhotakhota kuti isamasuke ulusi. Sizasi imeneyo inali ndi msomali wakewake pakhoma, ndipo mwana amene anaikhudzapo amakumbukirabe khutu lake.

"Bwenzi lako ndalipatsa ntchito, Mzime," Kalaliki anatero. "Usamanene kuti ndine wanjiru."

"Ndamva. Zikomo."

"Ndinalowa mpaka m'kachipinda kake kogona, kuseri kwa situdiyo. Muli zithunzi zakale zochititsa chidwi mmenemo. Munthu uja ali ndi mbiri."

"Mbiri ya mlendo ili m'chikwama chake," Akapitawo anadula, maso ali pa nyuzipepala. "Uyu timamudziwa mpaka agogo ake. Winayo tikamufunsa kwawo adzatiloza ku siteji."

"Ababa, mumupatse mpata Loweruka. Mungomumva."

"Kumva ndidzamva. Makutu ndiye sanathyoledwe."

Kalaliki anaseka nthabwalayo isanathe. Mzime analowa m'nyumba akudziuza kuti imeneyo inali mbali ina ya kuvomera, pakuti bambo ake sanatchulepo inde wathunthu chibadwire iye.

*

Loweruka holo inadzaza. A m'malayini anakhala mabenchi a kutsogolo monga mwa nthawi zonse, a m'mapoloti kumbuyo, ngakhale utoto umene unali kununkha pakhomawo unagulidwa ndi a kumbuyowo. Akapitawo atalowa ndi ndodo yawo, anthu anaimirira. Analankhula za masiku aja fakitale ikulira, za mmene anakumbira okha ngalande yoyamba, za mmene anamangira holoyo ndi njerwa zotsala za kampani, kenako za sitalaka. Anthu anaimva nkhaniyo kambirimbiri, koma ankagwedezabe mitu pamalo pake poyenera.

Kenako Kalaliki anaitana Wojambula kutsogolo. Anabwera atavala malaya oyera amene Mzime anamusankhira, n'kugwira nsalu imene inaphimba chithunzi.

"Akuluakulu, ndisanavundukule, ndili ndi mawu pang'ono," anatero. Nkhope yake inawala ndi chimwemwe. "Chithunzi chanu chinadyedwa ndi njenjete pamalo amodzi. Mwamwayi, ine ndili nacho chinzake, chathunthu. Malemu mayi anga anachisunga m'sutikesi moyo wawo wonse. Bambo anga anamwalira ndili khanda, sindinawadziwe. Mayi anangondiuza kuti anagwirapo ntchito pa fakitale ya zingwe, ndipo n'chifukwa chake ndinasankha kubwera kuno. Ndiye nkhope yosowa ija ndaibwezera."

Anakoka nsalu.

Ntchito ndiye anaigwira bwino, pamenepo palibe amene akanatsutsa. Kumapeto kwa mzere, pamwamba pa jekete la ulonda, panali nkhope ya munthu wamaso ofatsa, akumwetulira pang'ono. Mphumi, makutu, ngakhale kampata ka pakati pa mano, zonse zinali za mnyamata amene anaima pambali pake.

"Awa ndi bambo anga," Wojambula anatero, akuyang'ana Akapitawo. "Nanenso ndine mwana wa m'malayini."

Kumbuyo a m'mapoloti anayamba kuomba m'manja. Anaomba okha, kenako ataona kuti kutsogolo kuli zii, manja awo anazilala mmodzimmodzi. Agogo ena amene mwamuna wawo anabwerako kundende ali wodwala anadziphimba kumaso ndi mpango.

Akapitawo sanakweze mawu. Analoza khoma ndi ndodo.

"Chotsani chimenecho."

"Bambo, ndalakwitsa pena pake? Ngati ndi mtundu wa..."

"Mnyamata iwe, munthu amene wamupachika apoyo ndi amene anatigulitsa. Anatsegulira apolisi geti ife tili m'kati ndi akazi ndi ana. Mwendo uwu ndi mphatso yake. Tinamuchotsa pachithunzi, tinamuchotsa m'tauni, ndipo lero wabwerera ndi miyendo yako kudzafuna mwana wanga." Anatembenukira ku mabenchi. "Mzime, ukumva? Magazi amenewa sadzaponda pakhomo panga, ine ndili moyo."

Anyamata awiri anatsitsa chithunzicho n'kuchitembenuzira kukhoma. Kalaliki anali ataweramira mapepala ake, nkhope ili yachisoni kwambiri, chisoni chochita kusita. Pa benchi ya amayi, malo a Atelala anali opanda munthu. Palibe anaona nthawi imene anatulukira.

*

Mzime anamupeza Wojambula kuseri kwa holo, pamene amaunjika mabenchi othyoka. Malaya oyera aja anali atanyowa kumsana.

"Unati njenjete," Wojambula anatero Mzime asanamuyandikire.

"Sindinadziwe kuti ndi bambo ako. Ukanandiuza..."

"Ndinakufunsa, Mzime. Chala changa chinali pa bowo, ndinakufunsa. Ukanangoti munthu uyu anatilakwira, bwenzi nditakhala pansi n'kuganiza. Iwe unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti njenjete."

"Ndi mmene timayankhira tonse. Zinangotuluka pakamwa."

"Mmene mumayankhira ndani?"

Mzime yankho analidziwa, ndipo linkamuwawa ngati munga.

"Alendo," Wojambula anadziyankha yekha. "Miyezi yonseyi ukudya nane, ukundiuza kuti ana athu adzatenga mphuno yako, kumeneko ndinali mlendo mpaka kwa iwe. Bambo ako sandinamiza, amandida poyera. Iwe ndi amene unandiveka malaya oyera n'kundiperekeza kokaphedwa."

"Usatero. Ndimakukonda, ukudziwa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikuwawa chonchi." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Mayi anga ankati bambo anali munthu woopa ngakhale kupha nkhuku. Mwina anandinamiza nawonso. Aliyense wandinamiza. Koma sindichoka m'tauni muno ndisanadziwe chimene chinachitika pageti paja."

Ananyamula chithunzi chake chachikulucho pamutu n'kulowera ku siteji, osacheuka. Ana a m'malayini anamutsatira chapatali akuloza.

"Pepa, Mzime." Anali Kalaliki, ataima pakona ya holo, mpango woyera uli m'manja. "Zoterezi zimapweteka, koma bola zadziwika ukwati usanachitike."

Apo m'pamene mawu a pakhonde aja anamubwerera Mzime.

"Unachiona chithunzi chija m'chipinda mwake. Unadziwa kuti ndi mwana wa ndani, ndiye n'kumupatsa ntchitoyo dala."

"Ine ndinangopereka ntchito kwa mmisiri. Za njenjete ndinamuuza ndine?"

Mzime analakalaka atamuwaza khofi, koma munthuyo ananena zoona, ndipo zoona za m'kamwa mwa munthu woipa zimanyansa kuposa bodza. Anamusiya ndi mpango wake ali chiimire.

*

Lamulungu masana Akapitawo anapita kukakhala ndi anzawo pansi pa mthunzi wa geti lakale, kumene nkhani ya dzulo inali kuphikidwanso. Mzime anali atatumiza mauthenga pa foni kuyambira m'mawa. "Tikambirane." "Ndinalakwa, ndikuvomera." "Ungondiyankha kuti uli bwino." Onse anawerengedwa, palibe umene unayankhidwa.

Analowa m'chipinda chosokera. Mayi ake anakhala pa makina, nsalu ili pansi pa singano, koma phazi silinali kuponda.

"Amayi, dzulo munathawiranji?"

"Mutu unandiwawa."

"Nanenso ukundiwawa. Ndiuzeni, ndichite chiyani? Munthu ndimamukonda, koma bambo ake anathyola mwendo wa bambo anga. Ndikamuyang'ana ndiziona chiyani?"

Atelala anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita masana chifukwa cha kutentha. Anakhalanso pansi, manja ali pa maondo.

"Geti lija Mlonda anatsegulira ine," anatero.

"Mukutanthauza chiyani, Amayi?"

"Ndinali ndi pakati pa achimwene ako oyamba. Matenda anayamba tsiku lachiwiri la sitalaka, ndipo mwana anagona mopingasa. Azimayi anayesetsa, analephera. Ndinatuma uthenga kwa bambo ako, iwo anali pamwamba pa mgolo akulankhula kwa anthu. Anabweza mawu akuti geti silitsegulidwa kwa wina aliyense, ndipirire mpaka mawa, chifukwa akatsegulira mkazi wawo anthu adzati chiyani. Ndinakwawa ndekha kudzera kuseri kwa malayini mpaka pageti. Mlonda anandiona mmene ndinalili. Sanandifunse kanthu. Anatsegula, n'kuimitsa galimoto ya munthu wodutsa, n'kundikweza ndi manja ake. Apolisi anali atabisala kuseri kwa sitolo. Mpata umenewo ndi umene analowera."

"Ndiye anthu sanadziwe?"

"Anthu anaona geti lotsegula ndi makiyi m'manja mwake. Azimayi aja anaganiza kuti ndinatengedwa apolisi atalowa kale. Iye akanatha kunditchula pamene ankamuponya miyala. Sananditchule. Ine ndinali kuchipatala ndi mwana wamoyo m'manja, ndipo pobwera ndinapeza nyumba yake ili pululu."

"Ababa akudziwa?"

"Ndinawauza tsiku lomwe ndinabwera. Mawa lake anabwera ndi chithunzi cha mu holo, n'kuchiika pa makina pano, n'kunena kuti, dula. Ankati maso a munthu uja akuwatsata." Atelala anayang'ana kumsomali. "Ndinadula."

Mzime anapsa mtima. Zaka zonsezi ankaimirira nawo mu holo. Ali mwana, iye ndi anzake ankati akafuna kutukwana munthu wachinyengo amamutcha wotsegula geti. Achimwene ake omwe, amene lero ali ndi chimimba ndi galimoto ku mzinda, ndiwo ankatsogolera kutukwanako.

"Ndiye dzulo Ababa anaima pamaso pa anthu n'kunyoza mwana wa munthu amene anakupulumutsani, akudziwa?"

"Akudziwa."

"Ndikamuuza. Lero lomwe."

Mayi ake anamugwira mkono mwamphamvu, zala zawo zolimba ndi singano.

"Mwanawe, tamvera. Bambo ako alibe penshoni, alibe munda, alibe mwendo. Chimene anatsala nacho ndi anthu aja kuimirira akalowa. Ukawalanda chimenecho, wawaika m'manda ndi manja ako. Ndipo ine? Agogo aja anadziphimba kumaso dzulo, mwamuna wawo anafa ndi chifuwa cha kundende. Ndimawasokera madiresi, amanditcha mwana wawo. Akamva kuti geti linatsegukira ine, ndidzayenda msewu uti? Ndakuuza chifukwa sindifuna kuti uzimuda mnyamatayo. Koma zithere m'chipinda muno. Lumbira."

"Ndiye ndimutaye, kuti Ababa aziimiriridwa?"

"Amuna alipo ambiri. Bambo ndi mmodzi."

"Nayenso anali ndi mmodzi, Amayi. Munamudula mutu."

Atelala anamusiya mkono ngati wawatentha. Sanalire. Anaponda makina, singano n'kuyamba kuthamanga pa nsalu popanda ulusi.

Pakhonde panamveka kugogoda kwa ndodo, ndi kuseka kwa Kalaliki kumene kunatsogola monga mwa masiku onse. Akapitawo anali kubwera naye kunyumba.

"Mzime!" bambo ake anaitana. "Tabweretsa mipando iwiri. Mnzathuyu ali ndi mawu, ndipo lero uwamva bwinobwino."

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'dzanja lake. Anali Wojambula, ndipo uthenga wake unali wautali.

"Chithunzi chakale chija ndikadali nacho. Ndaliyang'ana bowo lija ndi galasi langa lokulitsira. Si mpeni, si lezala. Ndi sizasi ya mano, ya atelala. Ndafunsa agogo ogulitsa makala pa siteji, akuti masiku amenewo m'tauni muno munali telala mmodzi yekha, koma akana kumutchula. Munthu sadula nkhope mosamala chonchi ngati sakudziwapo kanthu. Mzime, ndikukufunsa kachiwiri, ndipo ulendo uno usandiyankhe ngati mlendo. Anali ndani?"

Mzime anakweza maso. Sizasi inali pa msomali wake, mano ake ali mbee, pamwamba penipeni pa mutu wa mayi ake.

"Mzime, mipando ija!" bambo ake anaitananso.

Foni inanjenjemeranso.

"Ndaima pageti. Utuluke undiuze wekha, apo ayi ndilowa ndidzafunse khomo ndi khomo, ndipo ndiyambira panu."